Ndinamwa DHEA kuti mphamvu zibwerere, koma vuto linali m'magazi

Nditakwanitsa zaka 51 thupi langa linayamba kukana ntchito. Ndimasamalira okalamba kuno ku Indiana, m'dziko la America, ndipo nthawi zambiri ndimakhala wa usiku. Ntchito imeneyi ndi ya manja ndi msana: kudzutsa munthu pabedi, kumukhazika pampando, kumusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda. Ndinali nditaigwira zaka zambiri osadandaula. Koma chaka chimenecho ndinkati ndikanyamula gogo mmodzi yekha, miyendo inkanjenjemera, mtima n'kumagunda mpaka kuumva m'makutu. Ndikaweruka m'mawa ndinkayamba ndakhala m'galimoto, makiyi ali m'manja, kudikira kuti chizungulire chithe ndisanalize injini. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Za m'nyumba ndi bambo akunyumba ndinalibe nazonso chidwi, ndipo zimenezo zinkandiwawa mumtima kuposa kutopako.

Aliyense amene ndinamuuza ankangoti ndi ukalamba, kapena ndi nyengo yosiya kusamba. Mnzanga wina wa kuntchito, mayi wamkulu pang'ono kwa ine, ndiye anatulutsa kabotolo m'chikwama tikumwa tiyi pakati pa usiku. Anati iye amamwa m'mawa uliwonse, ndipo n'chifukwa chake satopa. Pakabotolopo panalembedwa kuti DHEA, 25 mg. Kuno timabotolo totere timakhala pashelefu limodzi ndi mavitamini, m'famase ngakhalenso m'masitolo a zakudya. Safunsa kalata ya dokotala, safunsa ngakhale zaka. Umangotenga, n'kulipira pamodzi ndi buledi ndi sopo.

Ndisanagule ndinawerenga kaye pa intaneti, ndipo zimene ndinapeza zinandigwira mtima chifukwa mbali yaikulu inali yoona. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Tiziwalo tiwiri timeneti timatulutsa mahomoni angapo, ndipo imodzi mwa iwo ndi DHEA. M'magazi imayenda kwambiri ili mu mtundu wina wotchedwa DHEA-S, umenenso ndi umene amayeza kuchipatala. Thupi limaitenga n'kuisandutsa mahomoni achimuna ndi achikazi, testosterone ndi estrogen, mwa amuna ndi akazi omwe. Imachuluka kwambiri munthu akakhala pakati pa zaka 20 ndi 30, kenako imayamba kutsika chaka ndi chaka, moti munthu wa zaka 70 kapena 80 amatsala ndi pafupifupi 10 mpaka 20 peresenti ya imene anali nayo ali wachinyamata. Homoni ina yotchedwa cortisol, imene imachokera m'tiziwalo tomweti, siitsika choncho. Ndiye maganizo amabwera okha: ngati chinthu chinali chochuluka ndili ndi mphamvu, ndipo chachepa pamene mphamvu zandithera, ndingochibwezera basi.

Ndinayamba ndi piritsi limodzi m'mawa. Masabata oyambirira ndinkaona ngati zikusintha. Ndinkadzuka ndi chiyembekezo, ndipo chiyembekezo pachokha chimapepukitsa thupi. Koma kunjenjemera kwa miyendo sikunathe, chizungulire cha m'mawa sichinathenso. Mnzanga uja anati ena amamwa awiri, 50 mg, ndipo pa intaneti paja ambiri ankatchula mlingo womwewo. Ndinawonjezera.

Chimene chinayamba kusintha ndi nkhope. Ine khungu langa ndi louma kuyambira kale, ndimadzola mafuta kawiri patsiku nyengo yozizira. Tsopano ndinkati ndikapukuta pachipumi ndi kapepala, kankanyowa mafuta. Kenako ziphuphu, zikuluzikulu zolimba, m'mbali mwa nsagwada ndi kumsana, zamtundu umene ndinatsanzikana nawo ndili kusekondale. Chilichonse chikaphwa chinkasiya banga lakuda, ndipo mukudziwa mmene mabanga amachedwera kufufutika pakhungu lathu. Tsiku lina mwana wanga wamkazi akundiluka tsitsi anaima, n'kundigwira chibwano, kuchitembenuzira kuwindo.

"Amayi, izi zayamba liti?"

Kunsi kwa chibwano kunali titsitsi takuda, tolimba, tosiyana ndi tiubweya tofewa timene mayi aliyense amakhala nato. Fungo la thukuta langa linali litasinthanso, ndipo ndinkapsa mtima msanga pa zinthu zazing'ono.

Nthawi yokayezetsa thupi ya chaka ndi chaka itakwana, namwino anandifunsa mankhwala amene ndikumwa. Ndinatchula a BP okha, chifukwa m'mutu mwanga kabotolo kaja kanali m'gulu la mavitamini. Adokotala, mayi wodekha kwambiri, atandiyang'ana kumaso anafunsanso mwa njira ina: pali chilichonse chimene ndimameza chogula ndekha, kaya chazitsamba, kaya cha ufa, kaya chopatsa mphamvu? Apo ndinatchula DHEA. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti ndinkafuna indithandize chiyani, ndipo ndinawafotokozera zonse, za miyendo, za mtima, za chizungulire. Anandikoka chikope cha m'munsi n'kuyang'ana mkati mwake, anayang'ananso zikhadabo ndi zikhatho. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atandifunsa.

"Kodi msambo wanu ukuyenda bwanji?"

Ndinali ndisanasiye kusamba. M'malo mwake, kwa nthawi yaitali ndithu ndinkataya magazi ambiri, masiku ochuluka, nthawi zina magazi oundana, mpaka kuyala chitenje chakale pabedi usiku. Ndinkaona ngati ndi mmene msambo umatsanzikira. Ife sitikamba zimenezi, ngakhale kwa anzathu apamtima. Umangochapa n'kukhala chete.

Zotsatira zitabwera anandiitana. Magazi anga anali ochepa kwambiri, ndipo ayironi amene thupi limasunga, amene amamuyeza ndi dzina lakuti ferritin, anali atatsala pang'ono kutheratu. Atandiunika m'mimba anapeza zotupa za m'chiberekero, zija amati mafaibroidi, zimene zimavutitsa kwambiri akazi akuda. N'zimene zinkachititsa kutaya magazi kuja. Mtima unkathamanga chifukwa magazi ochepa aja ankalephera kufikitsa mpweya wokwanira m'minofu. DHEA-S inali itakwera kupitirira mlingo wa mayi wa msinkhu wanga, umboni woti mapiritsi aja ankalowadi m'thupi, ndipo mafuta abwino a m'magazi, a HDL, anali atatsikako poyerekeza ndi chaka chapitacho. Adokotala anati DHEA imachita zimenezo mwa amayi. Anandiuza kuti ndisiye, ndipo anandiyambitsa mankhwala a ayironi ndi ena ochepetsa kutaya magazi.

Ndinawafunsa kuti, nanga poti DHEA imatsikadi munthu akamakula, kuibwezera kwalakwika pati? Yankho lawo ndalisunga. Anati imvi nazonso zimabwera ndi zaka, koma munthu akadaya tsitsi maondo ake sabwerera ku unyamata. Kutsika kwa DHEA kumayendera limodzi ndi ukalamba, ndipo anthu odwaladwala amakhala nayo yochepa kuposa anzawo, koma zimenezo sizikusonyeza kuti kuchepako ndiye gwero la kufooka.

Nditachira pang'ono ndinafuna kudziwa ngati nkhaniyi inayesedwapo bwinobwino, osati kungomva za anthu otamanda. Inayesedwa, ndipo kangapo. Ku France, wasayansi wotchedwa Étienne-Émile Baulieu, amene anathera zaka zambiri akuphunzira homoni imeneyi, anatsogolera kafukufuku wa anthu 280 a zaka 60 mpaka 79. Ena ankamwa 50 mg tsiku lililonse kwa chaka chathunthu, ena ankamwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo palibe ankadziwa kuti ali mbali iti. Zotsatira zinatuluka mu 2000. Panali kusintha pang'ono pa khungu, mafupa ndi chilakolako cha m'nyumba, makamaka mwa amayi opitirira zaka 70. Mu 2006 a ku Mayo Clinic, konkuno ku America, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zaka ziwiri pa amuna ndi akazi okalamba amene DHEA yawo inali yotsika. Mlingo wa m'magazi unakweradi. Koma mphamvu za minofu, kupirira poyenda, mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga, ndi mmene anthuwo ankamvera pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, zonsezi sizinasiyane ndi za anzawo amene ankamwa mapiritsi opanda kanthu. Pa mafupa panali kakusintha kochepa chabe. Mu 2014 bungwe la madokotala a mahomoni la Endocrine Society linalangiza kuti amayi asamapatsidwe DHEA mwachisawawa, chifukwa umboni wa phindu lake ndi wochepa ndipo sizikudziwika bwino kuti imachita zotani munthu akaimwa zaka zambiri.

Kafukufuku wa ku Mayo uja ndi amene ananditsegula maso kwambiri. Anthu aja anali ndi chimene ine ndinkachifuna, nambala yokwera papepala, koma masitepe ankawakwera monga kale.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji imagulitsidwa poyera ngati ilibe phindu lenileni. Inenso ndinadabwa. Mu 1985 bungwe loona za mankhwala kuno ku America la FDA linaletsa kuigulitsa mwachisawawa. Koma mu 1994 kunabwera lamulo limene linalola kuti zinthu zambiri zizigulitsidwa monga zowonjezera pa chakudya, popanda kuyamba zatsimikiziridwa kuti zimachiza, ndipo DHEA inabwerera m'masitolo kudzera pakhomo limenelo. Mu 2004 atakhwimitsa lamulo la mankhwala okulitsa minofu, DHEA anaisiya kunja. Mayiko ena sanaone choncho. Ku Britain ili m'gulu la mankhwala olamulidwa ndi boma, ku Canada ndi ku Australia siipezeka popanda kalata ya dokotala. Kwa ochita masewera ndi yoletsedwa ndi WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, ndipo wothamanga kapena wosewera mpira akapezeka nayo mumkodzo amaimitsidwa. Abale amene muli ku Britain, samalani ndi zoitanitsa pa intaneti kapena kunyamulira anzanu m'chikwama.

Palinso nkhani ya zimene zili m'botolomo. Popeza si mankhwala m'maso mwa lamulo la kuno, palibe amene amayeza botolo lililonse lisanafike pashelefu. Mu 1998 ofufuza anagula mitundu 16 ya DHEA n'kuiyeza. Yosakwana theka ndi imene inali ndi mlingo wogwirizana ndi zolembedwa kunja. Ina inalibiretu DHEA, ina inali nayo yopitirira kwambiri. Ndipo mukaona kabotolo kolembedwa kuti ndi chilazi cham'tchire chopatsa DHEA yachilengedwe, dziwani kuti thupi la munthu silitha kusandutsa chilazi kukhala DHEA. Amaipangadi kuchokera ku zinthu za m'zilazi kapena soya, koma ntchito imeneyo imachitika mufakitale, osati m'mimba.

Chimene chandichititsa kuti ndilembe zonsezi ndi achemwali anga a ku Zomba. Nthawi imene ndinkaona ngati mapiritsi aja akugwira ntchito ndinawauzako pafoni, ndipo iwo anasunga. Patapita nthawi ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp: "Iwe, tandipezereko timapiritsi tako tija, kunotu ndikungogona ngati wodwala. Akamabwera aliyense umupatsire." Achemwali anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere zaka zingapo zapitazo, ndipo amamwa tamoxifen, mankhwala amene ntchito yake ndi kutchinga estrogen kuti isadyetse khansa. Ndinazizidwa nkhongono. Chinthu chimene thupi limachisandutsa estrogen ndi chimene munthu wotere ayenera kuchitalikira kotheratu. Ndinawaimbira nthawi yomweyo.

"Achemwali, pepani, zimenezi sindingakutumizireni. Zikhoza kulimbana ndi mankhwala anu."

"Koma si mavitamini amenewo? Unati amagulitsa m'golosale."

Mawu amenewo ndi amene amandidetsa nkhawa. Chinthu chikachokera kunja, chili m'botolo lokongola, chogulidwa popanda dokotala, timachiyesa chofatsa. DHEA si vitamini. Ndi homoni, ndipo imagwira pamene mahomoni amagwira: mawere, chiberekero, khungu, tsitsi, mawu. Achemwali anakafotokoza kutopa kwawo kuchipatala kumene amalandira mankhwala, ndipo kumeneko ndi kumene kunali koyenera.

Abambo nawonso nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa ambiri amaigula pofuna mphamvu za kuchipinda. Kwa mwamuna amene ziwalo zake zikugwira ntchito, DHEA imawonjezera testosterone pang'ono kwambiri, ndipo ina imasanduka estrogen. Amene ali ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo, kapena akuganiziridwa kuti ali nayo, asaiyandikire. Kufooka kwa kuchipinda nthawi zambiri kumakhala chizindikiro cha shuga, BP kapena mitsempha ya magazi imene yayamba kutsekeka, ndipo munthu akamathamangira botolo amachedwa kuzidziwa zimenezo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso amene amadwala matenda a maganizo osinthasintha, nawonso si yawo.

Sindikunena kuti DHEA ilibe ntchito kwina kulikonse. Pali anthu amene tiziwalo tawo ta adrenal tinawonongeka, matenda otchedwa Addison. Kwathu ku Africa chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimawononga tiziwaloti ndi TB. Munthu wotere amafooka kwambiri, amaonda, BP imatsika, amalakalaka mchere, khungu limada makamaka m'mizere ya m'zikhatho ndi m'nkhama. Chimene chimapulumutsa moyo wake ndi hydrocortisone ndi mankhwala ena osunga mchere m'thupi, osati DHEA. Koma amayi ena odwala matendawa akamamvabe kufooka ndi kusowa chilakolako ngakhale akumwa mankhwala awo bwino, dokotala wa mahomoni amatha kuwayesa DHEA kwa miyezi ingapo, akuwayeza magazi, n'kuwasiyitsa ngati palibe chasintha. Uku ndi kubwezera chinthu chimene matenda anachotsa, ndipo n'kosiyana ndi kulimbana ndi zaka.

Palinso mtundu wina umene si wakumwa. Mu 2016 a FDA anavomereza kamankhwala ka DHEA ka 6.5 mg, kodziwika ndi dzina lakuti Intrarosa, koika kunjira ya amayi usiku, kothandiza amene anasiya kusamba ndipo amamva kuuma ndi kuwawa akakhala malo amodzi ndi amuna awo. Kameneka kanayesedwa, kamaperekedwa ndi dokotala, ndipo kamagwira ntchito pamalo pomwepo. Vuto limeneli amayi ambiri amalipirira mwakachetechete mpaka banja kuzilala, pamene thandizo lilipo la mitundu ingapo. Litchuleni kuchipatala, ngakhale manyazi akugwireni.

Chinanso chimene ndinaphunzira kwa adokotala aja n'chakuti si zaka zokha zimene zimatsitsa DHEA. Mankhwala a gulu la prednisolone ndi dexamethasone, amene anthu amamwa chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi, ndipo ena amangogula okha kuti anenepe, amagoneka tiziwalo ta adrenal. Mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mankhwala amphamvu a gulu lomweli, ndipo munthu akamadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali amalowa m'magazi n'kuchita chimodzimodzi. Amenewa ndiye oopsa kuwasiya mwadzidzidzi, chifukwa tiziwalo tija timafuna nthawi kuti tidzuke. Ngati mwakhala mukuwagwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali, musangowataya lero. Pitani kuchipatala akuuzeni mmene mungachepetsere pang'onopang'ono.

Kwa ine, kuchira kunabwera mwapang'onopang'ono. Mapiritsi a ayironi ndi ovuta, amadetsa chimbudzi ndipo amamanga m'mimba, koma ndinapirira. Anandiuza kuti ndisamamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi, ndipo kwa munthu wokulira pa tiyi wa m'mawa ndi wa madzulo zimenezo zinali zolemetsa. Ndinkamwera madzi ndi kachidutswa ka lalanje. Patapita miyezi ingapo ndinazindikira kuti ndamaliza kusambitsa anthu a mbali yanga yonse osakhala pansi. Mafuta a kumaso anatha msanga nditasiya DHEA, ziphuphu zinatsatira, mabanga anachedwa. Titsitsi ta pachibwano tina tinatsala, ndipo ndimatizula mpaka lero. Adokotala anati ndinachita mwayi kuti mawu sanasinthe, chifukwa mawu a mayi akanenepa chifukwa cha mahomoni achimuna nthawi zina sabwereranso.

DHEA yanga panopa ili pamene iyenera kukhala kwa mayi wa msinkhu wanga, kutanthauza kuti ndi yotsika kuposa ya mwana wanga, ndipo ipitiriza kutsika. Sindiyezetsanso DHEA. Chimene chinandithandiza pa mphamvu za minofu, magazi atabwerera, ndi kunyamula tizitsulo kawiri pa sabata ndi kuyenda, komanso kupempha kuti andichepetsere mausiku otsatizana.

Ngati muli ndi zaka za m'ma 40 kapena 50 ndipo mukutopa modabwitsa, yambani ndi zinthu zimene zimayezedwa mosavuta, ngakhale kuchipatala cha boma kwathu: kuchuluka kwa magazi, shuga, BP, HIV, ndi TB ngati mukutsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku. Kumene n'kotheka pemphani akuyezeninso chithokomiro. Nenani zoona za msambo wanu, masiku ake ndi kuchuluka kwake, ndipo ngati munasiya kusamba kenako magazi n'kuyambanso, musadikire. Nenaninso ngati mtima uli wosweka kapena tulo sitikubwera, chifukwa nkhawa ndi chisoni zimafooketsa thupi ngati matenda ena onse. Amene mwayamba kale kumwa DHEA, tengani botololo m'chikwama popita kuchipatala, pamodzi ndi china chilichonse chimene mumameza, kuti adokotala awerenge okha dzina ndi mlingo wake.